Gudumu Limene Anasinthanitsa ndi Dzuwa

Panali munthu wina amene anagula dzuwa osatulutsa kanthu m'thumba. Anapereka chitsulo chadzimbiri, n'kulandira magalasi onyezimira odzaza denga lonse, ndipo wogulitsayo anamuthokozanso pamwamba, mpaka kumugwira chanza ndi manja awiri. Ine ndakalambira m'misika. Ndagulitsapo mbuzi, njinga, malata akale ndi mawailesi olankhula akafuna okha. Chimene ndinatolako n'chakuti wogulitsa akakuthokoza ndi manja awiri, ukafika kunyumba uyambe wawerenga nkhuku zako. Koma munthu ameneyu sanali wa m'misika. Anali mlimi wa thonje, dzina lake Wadisoni, ndipo tsiku limenelo anayenda mapewa ali m'mwamba.

Nkhani iyambire pa bambo ake, poti chitsulocho chinali chawo.

A Namakhwa anali fitala, wokonza makina, pa esiteti ina ya tiyi kutsinde kwa phiri. Sukulu anangoilawa, koma makina ankawamva ngati mmene mayi amamvera kulira kwa mwana wake pakati pa ana khumi. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi kwa akazi awo ndi zinthu ziwiri: bokosi la masipanala, ndi mtanda wachitsulo wolemera umene eni esiteti anautaya kuseri kwa fakitale. Anthu ankaganiza kuti agula ng'ombe ngati anzawo. Iwo anagula piki ndi fosholo.

Miyezi isanu ndi iwiri anakumba ngalande okha, kuchokera pa kamtsinje kotsika m'phiri, kuizungulitsa kuseri kwa mwala waukulu, mpaka pa kaphompho kuseri kwa nyumba. Odutsa ankawafunsa ngati akufuna kuweta nsomba pakhomo. Iwo ankangokumba. Pa kaphomphopo anaimika pa mtanda uja gudumu lalitali kuposa munthu, lokhala ndi zikho zachitsulo m'mphepete monse. Madzi akagwera m'zikhomo gudumu linkazungulira, gudumu n'kukoka lamba, lamba n'kuyendetsa chigayo. Tsiku limene ufa woyamba unatuluka, omwe ankafunsa za nsomba aja ndi amene anali patsogolo pa mzere.

Malipiro anali mbale imodzi ya chimanga pa ndowa iliyonse. Analibe dizilo woti agule, analibe munthu woti amupembedze. Madzi ankagwira ntchito n'kupitirira ulendo wawo kukathirira nthochi za anthu kumunsi.

Gudumulo linali ndi mawu ake. Chikho chimodzi chinali chachigamba, ndipo chikafika pansi chinkagogoda. Linkati gudu, gudu, gudu, kenaka kha. Ana awiri a m'nyumbamo, Wadisoni ndi mlongo wake Elube, anayamba kumva kugogoda kumeneko asanadziwe dzina lawo. Amayi a m'mudzimo ankadziwa kuti madzi achepa pongomva kuti kha uja akuchedwa. Ndipo nyengo yachisanu, chifunga chikatsika m'phiri n'kuphimba njira zonse, othyola tiyi pobwerera kwawo ankangotsata khutu. Kumene kukugogoda ndi kumudzi.

Koma gudumulo linali ndi chilema chake, ndipo sindibisa. Chakumapeto kwa Seputembala kamtsinje kaja kankaonda. Pofika mu Okutobala madzi a m'ngalande sankakwana kudzaza chikho, ndipo gudumu linkaima mpaka mvula itagwa yokhutitsa phiri. Amayi ankabwerera ku mitondo yawo, akunyinyirika.

A Namakhwa, pokhala munthu wa makina, sankakhulupirira kukumbukira kwa mutu. Tsiku lililonse limene gudumu laima ankatenga tchizulo n'kudula kamzere kamodzi pa mphuthu ya kumanzere ya chitseko cha chigayo. Ankafuna kudziwa ngati mtsinje ukucheperachepera zaka zikamapita. Chaka chilichonse chinali ndi mndandanda wake. Chaka china mizere makumi anayi, china makumi asanu. Mphuthu ya kumanja sankaikhudza, poti panalibe choti alembepo.

Iwo atamwalira, chigayo chinatsala m'manja mwa Elube. Kumeneko malo ndi a mwana wamkazi. Iye ndi amene anakhala pamudzi, iye ndi amene ankadzoza girizi, kusoka lamba ndi kukolopola ngalande mvula isanayambe, iye ndi amene anapitiriza kudula mizere ija. Koma mawu omaliza pa chinthu chachikulu chilichonse sanali ake. Anali a mlongo wake wamwamuna, mwini mbumba. Ndi mmene makolo anakonzera, ndipo zinthu zambiri zimayenda bwino motero. Vuto linali limodzi lokha. Mwini mbumbayo sankakhala pamenepo.

Wadisoni anakwatira kuchigwa, kumene dzuwa limayamba ntchito tambala asanamalize kulira ndipo silidziwa tchuthi. Ankalima thonje kwa akazi ake. Kwawo ankabwera kamodzi pa chaka, kumapeto kwa Okutobala, thonje atagulitsa, minda isanayambe, pa nthawi yolambula kumanda. Ankakhala masiku anayi n'kubwerera. Anatero zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Ndiye taganizani. Zaka zonsezo munthuyu sanaone gudumu la bambo ake likuzungulira ngakhale kamodzi.

"Lidakaimabe, achemwali?" ankafunsa akangotula chikwama.

"Laima masabata atatu apitawa. Lidzuka ndi mvula."

"Chaka chatha munateronso."

"Chaka chatha munabweranso mwezi womwe uno, achimwene."

Iye ankaseka, n'kupempha madzi akumwa.

Kumtunda kwa mtsinje womwewo kunakwatira munthu wina wogula zitsulo zakale, dzina lake Likaka. Anali wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono, wosaiwala kufunsa za odwala. Munthu ameneyu anapeza magalasi a sola ndi mota yake kuchokera ku ntchito ina ya ulimi wothirira imene inatha eni ake atapita. Katundu anali wabwino ndithu, wosagwiritsidwa ntchito kwambiri. Anamusunga m'nyumba kuyambira Epulo. Sanapite naye kwa Elube mu Meyi. Sanapite mu Julayi. Anadikira tsiku lotsatira kulambula kumanda, dzuwa lili paliwombo, n'kufika ndi ngolo.

Sanalankhule zambiri. Anapempha chilolezo, n'kutsamiritsa magalasi aja pa khoma, n'kulumikiza mawaya, n'kuchotsa lamba pa gudumu kumukoleka pa mota. Chigayo chimene chinali chete masabata atatu chinabangula. Amayi anasiya minsi ili chiimire m'mitondo, n'kuthamanga ndi malichero. Wina anaimba nthungululu.

Wadisoni anaika dzanja pansi pa ufa wotentha, n'kufunsa mtengo ndi mawu a munthu amene akudziwa kale kuti sangakwanitse.

"Mtengo wake palibe, bambo," anatero Likaka. "Ife ndi anansi. Mungondipatsa zitsulo zakalezi, ndikuchotsereni pakhomo. Gudumu, mtanda wake, ndi kachitseko kotsekera madzi m'ngalande. Kunyamula n'kwanga."

Wadisoni anayang'ana magalasi, n'kuyang'ana gudumu. Gudumu linali ndi dzimbiri, akangaude atalukapo, ndipo nkhuku ina inali itaikira mazira m'chikho cha pansi.

Elube anali chiimire pakhomo, ufa uli m'nsidze.

"Achimwene, tawafunsani za Juni."

"Juni watani? Mu Juni dzuwa limapita kumaliro?"

Anthu anaseka. Likaka sanaseke nawo. Ankamanga chingwe cha nsapato.

"Chiperoni, achimwene. Mwaiwala?"

Sanaiwale. Ankachikumbukira bwino lomwe: kamvula kowaza, chifunga, iye ndi mlongo wake akuotcha mbatata m'khitchini, tsiku limodzi kapena awiri osapita kusukulu. Zinthu za ubwana zimafupika munthu akamakula, ndipo zozizira zimafunda. Chiperoni cha m'mutu mwa Wadisoni chinali cha masiku awiri, chonunkhira mbatata.

Anapita pa chitseko cha chigayo n'kuyamba kuwerenga mizere ya chaka chatha ndi chala, mokweza, kuti onse amve. Inakwana makumi asanu, kudza iwiri.

"Uwu ndi umboni wa bambo eni ake, ndi wanu womwe. Masiku onsewa gudumu linajomba ntchito. Tsopano ndionetseni pamene palembedwa masiku amene dzuwa linajomba."

Anasisita mphuthu ya kumanja. Inali yosalala ngati tsaya la mwana.

"Sitinkalemba," anatero Elube. "Sitinkalilemba ntchito, ndiye tikanalembera chiyani kujomba kwake?"

Funso limenelo linali lolemera kuposa gudumu. Koma linafunsidwa masana a Okutobala, thukuta likuyenderera m'makosi, chigayo chikubangula kumbuyo, ndipo palibe amene analinyamula.

Elube anayesanso. Anatembenukira kwa wamalonda.

"A Likaka, ndili ndi mbuzi zinayi, ziwiri zili ndi bere. Tengani zonse. Magalasi mutisiyire, gudumu mutisiyire. Zigwire ntchito mosinthana."

"Mbuzi ndili nazo, mayi. Zingandidyere ndiwo za akazi anga."

Apa ndiime pang'ono, poti apa ndi pa ntchito yanga. Munthu wogula zitsulo zakale akakana mbuzi zinayi, ziwiri zabere, n'kuumirira dzimbiri lako, dziwa kuti dzimbiri limenelo waliyang'ana nthawi yaitali kuposa iwe. Usakwiye naye. Ungomuuza kuti abwere mawa, iwe upite ukaliyang'anenso bwino.

Wadisoni sanaone zimenezo. Chimene anaona n'chakuti mlongo wake akutsatsa mbuzi pamaso pa anthu iye ali pomwepo, ngati kuti mbumbayi ilibe mwini.

"Achemwali, nkhani ili ndi ine."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi bokosi la masipanala a bambo ake. Bawuti yoyamba anamasula yekha. Inavuta, poti a Namakhwa sankamanga zinthu zoti zidzamasulidwe, koma inamasuka. Madzulo asanafike amuna asanu ndi atatu anali akugubuduza gudumu pa njira yokwera kumtunda. Chikho chachigamba chija chikagunda pansi chinkagogoda, kha, kha, mpaka anakhota pa mwala waukulu. Elube sanatuluke kudzaonerera. Mazira a nkhuku aja anali atawachotsa kale n'kuwaika m'lichero.

Ndinene zoona: magalasi aja anagwira ntchito. Okutobala yense, Novembala yense, chigayo chinalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Mitondo inamera ndere. Wadisoni anatumiza uthenga kuchokera kuchigwa wofunsa ngati dzuwa layamba kujomba, ndipo Elube anayankha kuti ayi, silinayambe.

Mvula itabwera, chigayo chinayamba kugwira m'mawa n'kuleka masana mitambo ikasonkhana. Koma Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zimakhala zopepuka. Ogayitsa anali ochepa, ndowa zawo zosadzaza, ndipo maola a m'mawa ankakwanira. Palibe amene anadandaula.

Nthawi yomweyo kumtunda Likaka ankakumba. Ngalande yake inali yaifupi, poti malo a akazi ake anali pafupi ndi mathithi. Kamtsinje kaja sikanali ka ngalande ziwiri, ndipo mwambo wa kumeneko ndi wakuti madzi ndi a ngalande imene ikuyenda. Ya a Namakhwa inali itaima. Panalibe chifukwa choikolopolera chaka chimenecho, ndipo mvula inaidzaza matope. Mnansi wina anaona nthaka yonona ikungokhala, n'kubzalamo nthochi.

Anthu anakolola mu Epulo ndi Meyi. Pofika Juni nkhokwe zinali zodzaza, ndipo aliyense ankafuna kugayitsa. Mzere wa ndowa unkafika pa msewu. Ndiye m'mawa wina phiri silinaoneke. Chifunga chinatsika, kamvula kowaza kanayamba, ndipo mota inangong'ung'udza n'kukhala chete. Amayi anadikira mpaka masana. Kenaka wina anatukula mutu.

"Tamverani."

Kutali, kumtunda, mkati mwa chifunga, kunkamveka gudu, gudu, gudu, kha.

Anasenza ndowa zawo mmodzimmodzi, ena akupepesa, ena osayang'ana kumbuyo. Elube anatsala yekha. Analowa m'chigayo, n'kutenga tchizulo cha bambo ake, n'kudula mzere woyamba pa mphuthu ya kumanja.

Chaka chomwecho mwana wamkazi wa Elube, Sigele, anapeza banja. Chinkhoswe anachiika Loweruka lachiwiri la Julayi. Chinkhoswe sichichitika popanda atsibweni a mwana, choncho Wadisoni anakwera basi n'kubwera kwawo mu Julayi koyamba pa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anatsika atavala malaya a manja aafupi. Pofika pakhomo mano anali akugundana, ndipo Sigele anamufunditsa chitenje cha amayi ake.

"Atsibweni, mwafikira nyengo yake."

"Chitha mawa ichi. Ndimachidziwa."

Linali Lachiwiri. M'chigayo munali ndowa zisanu ndi imodzi za chimanga ndi thumba la chimera cha thobwa, zonse zodikira dzuwa. Akuchimuna ankabwera ndi anthu odzaza lole.

Lachitatu Wadisoni anakwera padenga ndi kansanza n'kupukuta magalasi onse, limodzi limodzi. Anatsika atanyowa. Anaima pabwalo n'kumayang'ana kumwamba, pamene dzuwa linkayenera kukhala. Panali kachigamba kotuwa ngati mbale yosatsuka.

Lachinayi chakumasana kunayera pang'ono. Mota inadzuka. Wadisoni anafuula kuti abweretse chimanga, koma ndowa yoyamba isanafike theka, chifunga chinabwereranso, ndipo chimanga chinatsala m'kamwa mwa chigayo chosatafunidwa.

Masiku onsewo Elube sanakumbutse za Juni, sanatchule mbuzi. Madzulo alionse ankangodula kamzere kake, mlongo wake akuona. Lachisanu m'mawa anathira chimanga m'matumba, n'kupota nkhata ziwiri. Imodzi anaika pamutu pake. Inayo anapatsa Wadisoni.

"Amuna onse apita kukadula mitengo ya chisakasa. Thobwa likufunika kuphikidwa lero. Mwatsala ndinu, achimwene."

"Tikupita kuti?"

"Muzimva."

Njira yokwera kumtunda ndi ya ola limodzi kwa munthu wopanda katundu. Kunali koterera. Elube anatsogola, ndipo posakhalitsa chifunga chinamumeza. Wadisoni anafika pamphambano ya njira zitatu osaona ngakhale phazi la munthu. Anaitana, osayankhidwa. Thumba linkamukanikiza khosi, poti amuna a kuchigwa katundu amanyamulira panjinga. Anaima, akupuma mwabefu. Ndipo pamenepo, kudzanja lamanja, analimva.

Gudu, gudu, gudu, kha.

Miyendo yake inadziwa kale chochita. Inakhotera komweko yokha, monga inkachitira iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, akuchokera kusukulu m'chifunga chonga chomwechi, akudziwa kuti kumene kukugogoda kuli bambo ake, malaya opaka girizi, ndi mbatata pamoto. Anayenda akutsata khutu. Kungoti ulendo uno kumene kunkagogoda sikunali kwawo.

Anapeza gudumu likuzungulira, lopakidwa penti wobiriwira, madzi akusefukira m'zikho. Linali lalikulu kuposa mmene ankalikumbukira. Pa mzere panali amayi onse a kumudzi kwawo, ndipo anamupatsa moni mwaulemu kwambiri, ulemu umene umapweteka kuposa chipongwe. Anatula thumba. Poongola khosi, maso ake anagwera padenga la chigayo cha Likaka.

Panali magalasi a sola, mizere iwiri.

Likaka anatuluka akupukuta manja, n'kufunsa za ulendo ndi za odwala kuchigwa.

"A Likaka, kodi inunso muli ndi magalasi?"

"Ndili nawo, bambo. Nanga mu Okutobala ndizigayira chiyani? Gudumuli limaima, mukudziwa inu. Munawerenga nokha mizere."

"Ndiye munandipusitsa."

"Ndinakunamizani liwu liti? Magalasi anu ndi abwino. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula, palibe chowaposa. Gudumu nalo ndi labwino, kuyambira mvula mpaka Seputembala. Ine ndinangoona kuti awiriwa sadwala mwezi umodzi."

Wadisoni anafinya chitenje chimene chinkadontha madzi.

"Bwezani gudumu la bambo anga. Mukatenge magalasi anu."

"Magalasi ndili nawo kale."

"Mbuzi zija. Tsopano zilipo zisanu ndi ziwiri."

"Nanga madzi mukawatenga kuti? M'ngalande yanu muli nthochi za eni ake, zakula kale." Likaka anaganiza pang'ono, poti sanali munthu wouma mtima. "Tichite chonchi. Mubwere mu Okutobala, likadzaima. Nthawi imeneyo ine ndimaliyang'ana n'kumaona dzimbiri lokhalokha, mwina tidzamvana. Koma ndikudziwa kuti simudzabwera."

Anawagayira bwino, ufa wosalala. Malipiro anali mbale ziwiri pa ndowa. Anapita maulendo atatu tsiku limenelo. Thobwa linaphikidwa, chinkhoswe chinachitika, akuchimuna anadya n'kuyamika, ndipo Wadisoni analankhula mawu a ankhoswe khosi lili chopendekera kumodzi. Lolemba anakwera basi. Itangotsika zitunda n'kulowa m'chigwa, dzuwa linamulandira pawindo ngati mnzake wakale.

Mu Okutobala anabweranso kudzalambula kumanda. Kunkatentha. Chigayo cha Elube chinkabangula, mzere wa ndowa uli mpaka pa msewu. Anaima pakhomo, n'kuika dzanja pansi pa ufa wotentha.

"Mukuona, achemwali? Chija chinali chaka choipa chabe."

Kwa Likaka sanapite.

Tsopano inu amene mwapatsidwa ntchito yosankhira dziko lino kochokera magetsi ake, ndi inu amene mudzafunsidwe maganizo pa misonkhano ya m'maboma, fanizoli ndi lanu. Wina adzabwera ndi dzuwa, wina ndi mtsinje, wina ndi mphepo, ndipo aliyense adzasankha mwezi wake wobwerera. Wa mtsinje adzakutengani mu Febuluwale, madzi akusefukira. Wa mphepo adzakuimikani pachitunda mu Ogasiti, chipewa chanu n'kuuluka. Wa dzuwa mwamuona kale. Palibe amene adzakunamizeni. Aliyense adzakuonetsani mphuthu ya mnzake yodzaza mizere, yake ili yosalala. Kusalala kumeneko sikutanthauza kuti sajomba. Kumangotanthauza kuti palibe amene anagwirapo tchizulo.

Musafunse kuti chabwino koposa n'chiti. Funsani kuti ichi chikagona, chidzakhale maso n'chiti. Funsani munthu amene amakhala pamalopo miyezi yonse khumi ndi iwiri, ngakhale mawu omaliza asakhale ake. Ndipo wamalonda akamakuuzani kuti mutaye chakale kuti mulandire chatsopano, pitani mukasuzumire padenga pake ndi kuseri kwa nyumba yake.

Ndinadutsa pa chigayo chija zaka khumi ndi chimodzi chichokereni gudumu, ndikufuna malata akale. Elube anali atakalamba, khosi litalowa m'mapewa. Anandionetsa mphuthu ziwiri zija. Anati anakhalapo pansi n'kufananiza miyezi, ndipo sanapeze sabata ndi imodzi yomwe imene mizere ya kumanzere inagwera pamodzi ndi ya kumanja. Ananena zimenezo mosadandaula, ngati akunena mtengo wa mchere.

Ndiye analipira ndani? Likaka sanalipire, anapereka katundu amene anali naye wapawiri. Wadisoni, amene anagwira chanza, analipira khosi la tsiku limodzi. Mphuthu ya kumanja ndinaiwerenga ndekha, poti kuwerenga ndiye ndimatha. Inadzaza mpaka pansi, ndipo yotsala anaidula pa chitseko. Mizere mazana asanu ndi limodzi, kudza makumi anayi. Uliwonse ndi tsiku limene Elube anakhala m'chigayo chozizira, chimanga chili m'nkhokwe za mudzi wonse, akumvetsera gudumu la bambo ake likugayira munthu wina kumtunda.